Ndagula kampa ya 1974, ndiyambire pati kuikonza?

Wowerenga wina wa ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, wafunsa kuti: "Ndagula kanyumba kaja kokweza pa pikapu, kamene kuno amati truck camper. Ndi ka 1974, kotalika mafiti 10 ndi theka, ndipo ndapereka madola 600 kwa mkulu wina wa pa Facebook Marketplace. M'kati mukumveka fungo la chuku, kudenga pafupi ndi bedi kuli banga lakuda, koma makabati, sitovu ndi firiji zonse zilimo. Mayi a kunyumba agula kale penti ndi nsalu ya makatani. Galimoto yanga ndi Ford F-150. Ndiyambire pati kuti pofika Julaye tikagonemo ku nyanja ya Michigan?"

Achimwene, auzeni alamu kuti penti ndi nsaluyo azisunge kaye m'nyumba, pouma. Zidzagwira ntchito, koma tsiku lake lidakali patali. Ine ndakhala ndikumasula makampa otere kuno ku Elkhart, m'chigawo chomwechi cha Indiana, kwa zaka zambiri, ndipo m'kalata yanuyi zandiimitsa ndi zinthu zitatu: chuku, banga, ndi F-150. Tiyambe ndi galimotoyo, chifukwa iyo ikakana, zotsalazi n'kungotaya ndalama.

Tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane pa felemu yake. Pali kapepala komata kolembedwa kuti Tire and Loading Information, ndipo pamenepo analemba katundu yense amene galimotoyo ingasenze. Nambalayo ikuphatikiza inuyo, alamu, ana, bokosi la masipanala, chilichonse chokwera. Ma F-150 ambiri nambala yake imagwera pakati pa mapaundi 1,500 ndi 2,000. Kampa ya mafiti 10 ndi theka ya zaka za m'ma 1970 kawirikawiri imapitirira mapaundi 2,000 ili yopanda kanthu. Thiranimo madzi, galoni iliyonse ndi mapaundi 8.3, muikemo silinda ya gasi, batire, mapoto, ufa, mabulangete, mupeza kuti malire mwadutsa kale inu musanakwere n'komwe. Chinanso, kampa yotalika choncho anaipangira pikapu ya bodi ya mafiti 8, pomwe ma F-150 ambiri a masiku ano bodi yake ndi mafiti 5 ndi theka kapena 6 ndi theka. Pa bodi yaifupi katundu amatsamira kuseri kwa matayala akumbuyo, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero n'kuyamba kuyandama m'manja. Si mwangozi kuti nthawi imene kampa yanuyi inkapangidwa, a Ford ankagulitsa F-250 yolembedwa Camper Special pambali, ya masipuling'i olimba, ndipo a Chevrolet ndi a Dodge analinso ndi zawo zotero.

Ndikudziwa, kwathu tinazolowera kuona pikapu itasenza matumba a mbatata kuchokera ku Lizulu, anthu pamwamba, masipuling'i atagoneratu. Koma ijatu imayenda mokwawa. Kuno muli pa Toll Road, msewu waukulu wolipira uja, mamailosi 70 pa ola, chithiraki chikukudutsani ndi chimphepo chake, inu mutasenza nyumba kumsana. Choncho pitani pamalo omwetsera mafuta mathiraki pamene pali CAT Scale, mukayeze galimoto ili yokha. Sikelo imeneyi imapereka kulemera kwa kutsogolo padera, kwa kumbuyo padera, ndipo mufanizire ndi manambala a GAWR, malire a katundu amene ekiselo iliyonse ingasenze, ali pa kapepala kena pachitseko pomwepo. Ma airbag, matumba a mpweya othandizira masipuling'i, amene anzanu akuuzeni kuti muike amangodzutsa galimoto kuti isaoneke yogwada. Sawonjezera mphamvu ya ekiselo, mabuleki kapena matayala. Ine maganizo anga ndi akuti kampa imeneyi ikufuna F-250 ya bodi yaitali kapena inzake ya msinkhu womwewo. Ngati kusintha galimoto sikutheka, ndi bwino mudziwiretu lero musanagule thabwa ngakhale limodzi.

Tsopano banga lija. Kuti mulimvetse, muyenera kudziwa mmene zinthuzi ankazimangira. Makampa ambiri a nthawi imeneyo ndi amene kuno timati stick and tin: felemu ya timatabwa ta paini ta 1x2 ndi 2x2 tolumikizidwa ndi masitepulo, m'kati pulayiwudi yopyapyala ya 1/8 inchi, pakati ubweya wa galasi woteteza kuzizira, kunja malata a aluminiyamu. Ankayamba ndi zam'kati, malata n'kumalizira. Timatabwato patokha tilibe mphamvu. Chimene chimalimbitsa nyumba yonse ndi pulayiwudi yomatidwa pa felemu pamodzi ndi makabati omangiriridwa kukhoma. N'chifukwa chake munthu amene amayamba ndi kuzula makabati kuti m'kati mukhale motakasuka amakhala akuchotsa nsanamira za nyumba yake osadziwa.

Madzi salowa pakati pa lata. Amalowa pamene lata linabooledwa: m'mbali mwa kachitseko ka mpweya ka padenga, pa timagetsi tating'ono ta pamphumi ndi kumbuyo, pa windo lakutsogolo kwa bedi, ndi m'makona monse mmene muli kachitsulo kotseka msoko. Pansi pa zonsezi anaikapo phala lomatira, ndipo phalalo likakwanitsa zaka 50 limauma n'kumanyenyeka ngati sopo wakale. Kuno ku Michiana, dera la m'malire a Indiana ndi Michigan, zimanyanya chifukwa cha sinowo yochokera ku nyanja ija: imasungunuka masana, madzi n'kulowa mumsoko, usiku n'kuundana, msoko n'kukula. Dontho likalowa limatsata thabwa mpaka pansi. Banga mukuliona kudengalo ndi pamene madzi atulukira, osati pamene alowera, ndipo pofika poonekera m'kati amakhala atayenda m'khoma zaka zingapo. Chikomekome cha nkuyu, achimwene.

Mayeso ake safuna makina. Tengani dirilo ndi kabiti ka 1/4 inchi, kapena ka sikweya ngati masikuluwu ake ndi otero, muzule sikuluwu imodzi pa kona iliyonse, pamwamba, pakati ndi pansi. Muiike pachikhatho muiyang'anitsitse. Ikatuluka yowala, mazinga ake ali akuthwa, thabwa la pamenepo ndi louma. Ikatuluka yadzimbiri, yoonda pakati ngati singano, itamatirira tinyenyeswa takuda tonga masamba a tiyi ogwiritsa kale ntchito, pamenepo palibenso thabwa. Ina imangozungulira osatuluka, ina mumaizula ndi zala. Muzilemba pa lata ndi choko paliponse papezeka zotere. Mukatero lowani m'kati ndi sikuludiraiva yosongoka, mubaye pansi pa matiresi m'makona a kutsogolo, m'munsi mwa mawindo, m'kati mwa makabati a pansi, ndi pakhomo pomwe mumaponda polowa. Kunja mubaye kunsi kwa mapiko, kutanthauza mbali zija zimatambalala pamwamba pa bodi ya galimoto, makamaka pamene pali mphete zomangirira unyolo. Pomaliza imani patali muyang'ane mphumi ija imakhala pamwamba pa kabini. Ngati yaweramira pansi, kapena lata lachita makwinya pamene mphumi ikumana ndi thupi, matabwa onyamula bedi atha.

Musanachite zonsezi, kampa isakhale pa majeke ake okha. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi kampa yanga yoyamba. Ndinaipenta m'kati, ndinaika pansi patsopano, alamu anu anasoka makatani okongola kwabasi. Tsiku loikweza pa galimoto, ndili pakati popukusa jeke, ndinangomva kuti phwa! Jeke ya kutsogolo kumanja inazuka ndi mabawuti ake onse, kumapeto kwa bawuti iliyonse kutakanirira chinthu chonga gaga wonyowa. Kampa inagwada n'kutsamira mpanda wa aneba. Mwayi wake kunsi kunalibe mwana. Kuyambira tsiku limenelo kampa iliyonse yakale ndimayamba ndaitsitsa pansi ndithu, n'kuikhazika pa matabwa a 4x4 kapena 6x6 osanjikiza mopingasa, majeke n'kungokhala othandizira. Mabuloko a simenti ayi, amasweka osachenjeza. Pokweza kapena potsitsa muzipukusa pang'onopang'ono mozungulira, kutsogolo kuzikhala kokwererapo kuposa kumbuyo, chifukwa kulemera kwa mphumi kumafuna kuigwetsa chafufumimba.

Mukamaliza kulemba ndi choko, khalani pansi ndi alamu muwerenge. Ngati kuwola kuli pa mphumi ndi kona imodzi kapena ziwiri, imeneyo ndi ntchito yoti munthu wodziwa kugwira sowo ndi tepi angaithe. Ngati makona onse anayi, mapiko onse awiri, pansi ndi denga zapita, ndiye kuti simukukonzanso, mukumanga ina yatsopano m'malata akale. Alipo amene amachita zimenezo chifukwa chokonda, ndipo sindiwanyoza. Koma ndalama zake sizibwerera pogulitsa, pokhapokha ikhale ya mtundu wofunidwa monga Avion, ija ya thupi lozungulira la aluminiyamu yokhomedwa ndi maliveti imene inkapangidwa ku Benton Harbor, m'chigawo cha Michigan, kapena Alaskan ya denga lokwera ndi kutsika. Ikakhala yowoleratu, zulani mawindo a maluvazi, sitovu, chitseko ndi majeke mugulitse padera. Anthu okonza makampa akale amazisaka, ndipo gawo la madola 600 aja likhoza kubwerako.

Tinene kuti ndi yokonzeka. Ntchito yake imachitikira kunja. Ambiri amafuna kung'amba pulayiwudi ya m'kati n'kusomeka thabwa latsopano chifukwa amaopa malata, koma akatero sangafike pamakona, ndiponso msoko wodonthawo amausiya momwemo. Yambani ndi kumasula tizitsulo ta m'makona, mawindo, timagetsi ndi zitseko za kunja za mbali imene mukukonzayo. Malata a m'mbali anawaika kuyambira pamwamba kutsika, lililonse kulowa m'mphako ya linzake n'kukhomedwa masitepulo m'munsi, ndiye pochotsa mumayambira pansi kukwera. Masitepulo muzizula limodzilimodzi, modekha, chifukwa aluminiyamu ikapindika mzere wake sufufutika. Lata lililonse mulilembe nambala kuseri. La padenga ndiye lovuta, ndi lalitali ndiponso lofewa ngati chikopa. Apa mwambi uja wa mutu umodzi ndi denga umakhala weniweni, itanani anyamata awiri a kutchalitchi Loweruka. Mukalitsitsa, liimikeni padzuwa muyang'ane kuseri kwake. Timabowo tonga ta singano timaoneka ngati nyenyezi, makamaka pamene chitsulo chadzimbiri chinkakhudzana nalo.

Jambulani chithunzi chilichonse musanachotse kanthu, ndipo thabwa lowola musalitaye msanga, ndilo muyezo wa latsopano. Mphumi muichirikize ndi mizati iwiri kuchokera pansi musanadule chilichonse, ndipo muzikonza mbali imodzi n'kuimaliza musanatsegule inayo. Mukatsegula zonse ziwiri nyumbayo imapendekeka, chitseko sichidzatsekanso. Matabwa aatali ochokera ku mphumi kulowa m'thupi ndi amene amanyamula anthu ogona pabedi, ndiye asakhale olumikiza pamene mphumi ikuyambira. Ngati n'kofunika kulumikiza, mfundo ikhale kutali m'kati mwa thupi, yodulidwa mopendekera, yothiridwa guluu, ndi thabwa lina lomatidwa pambali pake.

Pogula matabwa pali msampha umene wagwira anthu ambiri anzeru. Munthu amati, poti vuto ndi kuwola, ndigule matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala. Musatero. Mankhwala a matabwa amenewo ali ndi kopa wambiri, ndipo kopa akakumana ndi aluminiyamu pali chinyezi, lata limadyeka n'kubooka. Gulani paini kapena spruce wamba wouma bwino, wopanda mfundo zikuluzikulu, ndi pulayiwudi ya panja. Mugwiritse guluu wosaopa madzi, monga Titebond III, ndi masikuluwu, mutayamba mwaboola kabowo kuti kathabwa kasang'ambike. Musakulitsenso miyezo poganiza kuti mukulimbitsa. 2x4 pamalo a 1x2 ndi katundu wowonjezera pa galimoto imene yalemedwa kale, ndipo malata sadzakwananso. Malo okha oyenera kuwonjezera nyama ndi makona a majeke ndi pa mphete zomangirira: pamenepo ikani pulayiwudi ya 3/4 inchi, mabawuti adutse mpaka kuseri, kuseriko kukhale kachitsulo kafulati kogawa mphamvu.

Pobwezera, bwenzi lanu ndi butyl tape, phala lotuwa lomwe limabwera lokulungidwa ngati tepi ndipo siliuma. Palani phala lakale lonse mpaka lata liyere, yalani butyl pansi pa felemu ya windo kapena kachitsulo ka pakona, m'migwere ya lata muike kawiri kuti pasatsale mpata. Mangani masikuluwu ndi dzanja mpaka phalalo litayamba kufinyikira kunja mozungulira monse, mawa lake mudzamangenso pang'ono, kenako mudule lotuluka ndi kampeni ka pulasitiki. Bowo likakula, somekanimo kamtengo kothira guluu kapena mukwere pa sikuluwu ya nambala 10 m'malo mwa 8. Padenga, pamwamba pa mitu ya masikuluwu ndi m'mphepete mwa kachitseko ka mpweya, thirani lap sealant, phala lotsekera misoko ya padenga, monga ya Dicor. Silikoni ya kubafa isayandikire. Imasiya lata pakapita nthawi, madzi n'kumabisala kunsi kwake, ndipo pamene yakhudza palibe china chimamatanso mpaka mutapala ndi misozi. Ndikhulupirira kuti mukakwera padenga lanulo muipeza yambiri, pamodzi ndi phula lopakidwa ndi eni ake akale, wina pamwamba pa mnzake. Zomatira zonsezi sizigwira kukamazizira, ndiye nyengo ya ntchitoyi kuno ndi kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka Okutobala.

Pa gasi pokha musandimvere ine ndekha, pafike munthu wa manometer, chipangizo choyezera mphamvu ya gasi. Zipangizo za mu kampa zimayendera mphamvu yochepa, mainchi 11 a madzi, ndipo katswiri amatseka silinda n'kuona ngati mphamvuyo ikutsika pakapita mphindi zingapo. Thovu la sopo limathandiza kupeza pamene pakutuluka, koma silingakuuzeni za paipi yobisika kuseri kwa kabati. Regyuleta ndi timapaipi ta labala musinthe osafunsa. Silinda ili ndi deti pakhosi pake. Ikapitirira zaka 12 iyenera kuyezedwanso, ndipo kuyambira 2002 masilinda oimirira a mapaundi 4 mpaka 40 sawadzaza ngati alibe valavu ya OPD yoletsa kudzaza mopitirira muyezo, ija ya chotsegulira cha makona atatu. Makampa ambiri akale ali ndi silinda yogona chammbali. Imeneyo musaisinthe ndi ya pa braai n'kuigoneka, chifukwa yoimirira ikagona imatulutsa gasi wamadzi.

Chotenthetsera m'nyumba ndicho ndimachiopa kuposa zonse. Chipinda chake choyakira moto chikabooka ndi dzimbiri, utsi wosaoneka, wosanunkha, umalowa mmene mwagonamo. Ndi imfa yomwe ija ya mbaula ya makala m'nyumba yotseka mwezi wa Juni kwathu. Chizulidwe, chiyang'aniridwe ndi tochi, ndipo chikakayikitsa chitayidwe. Ikani alamu ya carbon monoxide, utsi wosaoneka uja, ndi ya utsi wamba, komanso ya propane pafupi ndi pansi chifukwa gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, amadikha pansi ngati madzi. Sitovu yokha nthawi zambiri imangofuna kutsukidwa. Firiji yake imagwira ntchito ngati mafiriji a parafini aja tinkawaona m'magolosale ndi m'zipatala za kumudzi: kamoto kamatenthetsa amoniya, kulibe injini. Tsegulani kachitseko kake ka kunja. Mukamva fungo la amoniya kapena mukaona ufa wachikasu pamapaipi, yafa, musaiyatse. Ngati kuli koyera, ikhazikeni pa levulo, muilumikize ku magetsi usiku wonse, m'mawa mugwire m'kati.

Za magetsi sindichulukitsa. Pamene khoma lili lotsegula, sinthani waya aliyense wodyedwa ndi mbewa kapena wobooledwa ndi sitepulo, chifukwa mpata wotere sudzapezekanso. Converter yakale, chipangizo chosandutsa magetsi a 120 volts kuti atchaje batire, imaphika batireyo, ikani yatsopano ndi mafyuzi a masiku ano, mababu akhale a LED, ndipo mbali ya 120 volts ikhale ndi GFCI, chozimitsa magetsi akafuna kugwira munthu, aione wamagetsi. Mukapeza zitosi za mbewa musasese zouma. Zinyowetseni ndi jiki wosungunula, gawo limodzi pa magawo 10 a madzi, mutavala magolovesi ndi chotseka pamphuno. Pulasitiki ya pansi ya zaka zimenezo ikhoza kukhala ndi asbestos, ndipo penti ya chaka cha 1978 chisanafike ikhoza kukhala ndi mtovu, ndiye musazikwechese ndi sandipepa. Pansi patsopano mungoyala pamwamba pa pakale ngati thabwa lake ndi lolimba.

Mwayi muli nawo ndi wa malo. Mukukhala mphindi zosakwana 30 kuchokera ku Elkhart, kumene kumapangidwa ma RV, nyumba zoyenda ndi galimoto ngati yanuyi, ambiri a dziko lino, ndipo mashopu ogulitsa zotsala za m'mafakitale ali mbwee kuno mpaka ku White Pigeon, kungodumpha malire a Michigan. Butyl, timagetsi, zitseko, pulayiwudi yopyapyala, zonse mupeza pamtengo wabwino. Muzipita ndi chidutswa chakale m'manja, chifukwa miyezo ya 1974 si ya lero. Mukapeza mpata lowaninso mu RV/MH Hall of Fame konkuno, mukaone mmene zakalezi zinkaonekera zili zatsopano, alamu akasankhirenso mtundu wa penti kumeneko. Kumbukiraninso kuti mapikapu a masiku ano ndi aatali kabini ndi m'mbali mwa bodi kuposa akale, ndiye muyeze kuchokera pansi pa kampa kufika kunsi kwa mphumi ndi kunsi kwa mapiko. Kawirikawiri pamafunika kuyala nsanja ya matabwa m'bodi kuti mphumi isagunde denga la galimoto, ndipo zomangirira zigwire ku chasisi.

Za Julaye ndikuuzeni zoona: ngati mumagwira ntchito mkati mwa sabata n'kumakonza Loweruka lokha, mphumi ndi makona awiri zikudyerani chilimwe chonse. Ku Warren Dunes ndi ku Indiana Dunes, m'mbali mwa nyanja ya Michigan, kuli malo ogona a matenti, chaka chino pitani ndi tenti. Kampa ikafika Okutobala malata atabwerera ndipo misoko yonse itamatidwa, khuthulani madzi onse m'thanki ndi m'mapaipi, muthiremo antifreeze wa pinki wa ma RV, osati wa galimoto yemwe ndi poizoni. Muifunditse lona pa kamtanda kokwera pakati kuti sinowo izitsetsereka ndipo mpweya uzidutsa kunsi. M'miyezi yozizirayo alamu asoke makatani awo, penti idzalowe mu Meyi. Sabata ino zulani masikuluwu a m'makona aja, muwayale papepala monga mwa malo ake, munditumizire chithunzi pamodzi ndi cha kapepala ka pachitseko cha F-150.